Mkono Si Dzanja

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zikopa ayi, kale la dzanadzanali mafoni atalowa kale m'matumba a anthu, panali bambo ena dzina lawo a Zakeyu Mtambalika. Bambowa ankaweta udzudzu. Musaseke. Anzawo ankaweta mbuzi ndi nkhunda, iwo udzudzu, ndipo inali ntchito yolembedwa ndithu, pamalo ofufuzira za malungo a yunivesite ina, kuchigwa kotentha kumene munthu amatuluka thukuta ali mkati mosamba.

Udzudzu wake sunali uwu wa m'zithaphwi. Unali mtundu umodzi umene a Zakeyu anausunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osaduka, m'makola a neti, m'kachipinda ka kumapeto kwa mpanda. Unalibe malungo, sunaonepo kunja, ndipo mankhwala alionse atsopano onyikira maneti ankayamba ayesedwa pa udzudzu umenewu. Mtunduwo ukanati uthe, ntchito ya zaka zonsezo ikanathera pomwepo. Madzi a shuga pa thonje ankausunga ndi moyo, koma kuti waukazi uikire mazira umafuna magazi. Choncho Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse a Zakeyu ankapinda malaya, n'kugoneka mkono pa neti ya khola, n'kumaimba chapansipansi kanyimbo ka kutchalitchi udzudzu ukudya. Sankadzola mafuta onunkhira, sankasambira sopo wafungo, kuopa kukhumudwitsa ana awowo, pakuti ankawatchula choncho. Akazi awo anachita kutopa nako kudandaula. Ankangoti, "Ine ndili pamitala ndi udzudzu, ndipo mkazi wamkulu si ine."

Koma tamverani zamanyazi. Zaka zonsezo munthu wa imviyu ankasainabe kontirakiti ya miyezi itatuitatu ngati waganyu. Mapepala a kafukufuku akatuluka, pamwamba pankakhala maina a mapulofesa, a Zakeyu n'kumapezeka kumapeto kwenikweni, obisika m'mawu oti "tikuthokoza onse amene anathandiza." Ndipo sanali okha. Oyeza magazi, madalaivala, oyenda m'midzi ndi mafunso, onse ankagwira ntchito osadziwa ngati mwezi wachinayi udzawapeza pamalopo. Nkhanga zidapangana kusanapse, nawonso anayambitsa bungwe lawo la ogwira ntchito. A Zakeyu sanali munthu waphokoso, koma zinawatsalira zaka ziwiri zokha kuti apume, ndipo ankaona poyera kuti adzabwerera kwawo chimanjamanja. Anali oyamba kulembetsa dzina.

Makalata atatu anapita kwa akuluakulu, yankho osabwera. Lachisanu lina onse anatuluka pageti n'kusonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. Anapempha a Zakeyu, monga wamkulu wawo, kuti anene mawu a lumbiro. Iwo anaimirira nati, "Kuyambira lero, dzanja lathu lisakhudze ntchito ya yunivesite mpaka atatimva." Onse anabwereza, mlembi analemba m'buku, nyimbo zinayamba. A Zakeyu anali atadyetsa udzudzu m'mawa womwewo, ndipo mumtima ankati sitalaka ya anthu ophunzira singadutse Lolemba. Apa ndi pamene analakwitsa. Ankayesa kuti aliyense amaopa kutaya udzudzu monga mmene iwo ankaopera.

Abwana a malowo anali munthu wodziwa pamene pali chilonda cha mnzake. Anaika loko watsopano pa kachipindako, nalamula kuti mlonda yekha ndiye azilowa kukanyowetsa thonje ndi kuwazira mphutsi chakudya. Pageti anaikapo buku: wofuna kulowa ayambe wasaina kuti wabwerera ku ntchito. Kwa a Zakeyu anatumiza kalata yawoyawo, yoti udzudzu ukafa ndiye kuti ndi kusasamala kwawo, ndipo achotsedwa tsiku lomwelo. Abwanawo ankadziwa kuti mkuluyu akangosaina, ena onse atsatira ngati nkhosa. Pulofesa wina wamtima wabwino anayesa kupereka mkono wake, koma anali atadzithira perefyumu, udzudzu unangothawira ku ngodya n'kumamuyang'ana. Mlonda atauzidwa kuti ayese, anati, "Ine ndinalembedwa kulondera, bwana, osati kudyedwa."

Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa, Lachisanu lina linafika. Anzawo akuimba ndi kuvina pageti, a Zakeyu anakhala pa muzu wa bwemba atagwira tsaya. Udzudzu sukhalitsa ngati munthu. Ukakalamba usanaikire mazira, mtundu watha. Mantha anawagwira, ndipo chisoni chinawakwana.

Panali atatu amene anaona zimenezi. Onsewa anayambira ntchito m'manja mwa a Zakeyu, kutsuka mabeseni a mphutsi, asanasamukire ku zigawo zina. Woyamba anali Elube Kanjedza, woyeza magazi, mlembi wa bungwe uja, mayi wa pakamwa posagona. Wachiwiri anali Witinesi Chapola, dalaivala, katswiri wa bawo amene anali asanagonjepo chifikire pamalopo. Wachitatu anali Folomina Thawale, wolowetsa mayankho mu kompyuta, mtsikana wowonda wosalankhulalankhula, amene anangopirira masabata awiri m'chipinda cha udzudzu n'kupempha kuti amusamutse.

"Madala, mwatani?" anafunsa Elube.

"Ana inu, ndapanikizika," anatero a Zakeyu. "Ndikasaina buku lija ndagulitsa anthu onsewa, pakuti lumbiro linatuluka pakamwa panga. Ndikapanda kusaina, ana anga aja afa, ine andichotsa, ndiye ukalamba ndikaudyera chiyani? Mawa ndikasaina basi. Mundikhululukire."

"Musasaine, madala," anatero Witinesi. "Tipatseni sabata imodzi."

Folomina anangowatsegulira botolo la madzi kuti amwe.

Masana omwewo Elube anaitanitsa msonkhano. Atangotchula za udzudzu, anthu anawira.

"Ufe!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Ufe basi! Akamva kuwawa ndi pamene atimvere."

Mawuwo anawalasa a Zakeyu pamtima, chifukwa wonenayo anali munthu amene ankadya naye mbale imodzi. Elube sanakwiye. Anatsegula buku la bungwe, nawerenga lumbiro lija kawiri, pang'onopang'ono.

"Anzanga, tinalumbira chiyani? Dzanja. Alipo pano amene anamva mawu oti mkono?"

"Iwe Elube, usatipusitse! Dzanja ndi mkono n'chimodzimodzi!"

"N'chimodzimodzi eti? Katemera anakubayani pa dzanja inu? Nanga makontirakiti aja mumasainira chigongono?"

Anthu anaseka, ndipo munthu akaseka mkwiyo umatsika. Elube anapezerapo mpata.

"Ntchito timagwira ndi dzanja. Mkono sugwira kanthu, umangodyedwa. Ndipo mvetserani bwino: udzudzu uja ukafa, tikhala tikumenyera ntchito yomwe kulibe, ndiponso dziko lonse liuzidwa kuti opha ndi ife. Madalawa anatilera tonse. Tiwaponye pamoto chifukwa cha liwu limene sananene n'komwe?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, mawu a Elube anachita kusasa. Pokweza manja, mbali yake inapambana ndi manja awiri okha. Anagwirizana kuti palibe wolowa pageti, palibe wosaina buku, ndipo wodyetsa udzudzu afumbate chibakera nthawi yonse, kuti aliyense azionera yekha kuti dzanja silikugwira ntchito. Ogonjawo sanakondwe. Ena anamutcha Yudasi, ndipo mnzake wapamtima, amene anamuimira pa ukwati, anasiya kumupatsa moni. Elube anameza zonsezo osatafuna.

Koma chilolezo sichitsegula chitseko. Apa ndi pamene analowera Witinesi. Iye, pozolowera kutembenuzira galimoto kuseri, ankadziwa kuti khoma la kumbuyo kwa kachipinda kaja ndilo linali malire a malowo, ndipo linali ndi kawindo ka zitsulo koyang'ana kanjira ka kumsika. Khola litaikidwa pa tebulo pafupi ndi kawindoko, munthu akanadyetsa udzudzu ataima panja, osaponda n'komwe dothi la yunivesite. Chinkafunika n'choti mlonda asunthe tebulo.

Mlondayo anali a Bonifasi Ngalande, olembedwa ndi kampani ina, osati a m'bungwe. Witinesi atawapempha, anakana kwamtuwagalu. "Achimwene, ine ndili ndi ana asanu. Zanu za sitalakazo musandilowetsemo." Koma munthu aliyense ali ndi pomuyabwa. A Bonifasi anakhala akusewera bawo ndi Witinesi zaka zisanu ndi chimodzi, masana alionse, osapambanapo ndi kamodzi komwe. Anthu anachita kuwapatsa dzina loti a Mawa, chifukwa akagonja ankangoti, "Tionana mawa."

Lolemba masana Witinesi anabwera ndi bawo, nalilowetsa pansi pa geti, mizere iwiri mkati, mizere iwiri kunja. Anasewera, ndipo Witinesi anagonja. Musayese n'chapafupi. Kugonja mwadala n'kovuta kuposa kupambana, pakuti a Bonifasi sanali chitsiru, ndipo akanazindikira akanachiona chipongwe. Witinesi ankakanda mutu, kupukuta thukuta, kuwerenga nkhomo kawirikawiri ngati wasokonezeka. A Zakeyu anali ataima pambali. Anaona dzanja la mnyamatayo likuima pamwamba pa dzenje loyenera, kenaka n'kudutsa kukatola lina. Anamvetsa, nayang'ana kumbali kuti anthu asaone maso awo.

Lachiwiri anagonjanso. Lachitatu mbiri inali itafika kumsika, ndipo anthu anadzaza pageti kudzaona ngwazi ikugwa. Inagwadi, ndipo anaikuwiza mpaka amayi ogulitsa mandasi. A Bonifasi anaimirira, nakonza lamba wa yunifolomu, chifuwa chili patsogolo.

"Mphwanga, usadandaule, bawo ndi choncho," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Paja unkanena za tebulo? Ine anandiuza kuti musalowe munthu. Za pamene tebulo liyenera kukhala sanandiuze."

Tebulo linasuntha. Koma kuti lisabwerere pakale, Witinesi anayenera kumagonjabe masana alionse mpaka sitalaka itatha, ndipo dzina limene analimanga zaka zonsezo linagwa ngati khoma la zidina pa mvula. A Bonifasi mpaka lero amayenda modzitukumula. Inu mukadzakumana nawo musadzawauze.

Madzulo a Lachitatu lomwelo gulu lonse linazungulira kuseri. A Zakeyu anasuzumira pa kawindo, naona ana awo atakhala pa neti ofooka, ena atagwa kale pansi pa khola. Anapinda malaya mwachangu, nafumbata chibakera, nalowetsa. Mkono unakakamira pa zitsulo. Anautembenuza uku ndi uku, khungu linachita kusupuka, koma khola linatsala patali ndi kachala kamodzi. Witinesi anayesa, wake ndiye sunadutse n'chibakera chomwe. Elube anali wodalitsika m'thupi, anangoyang'ana zitsulozo n'kupukusa mutu. Anayesa amuna, anayesa akazi, onse anakanika. Mkono umene ukanadutsa unali umodzi wokha pagulupo, ndipo aliyense ankaudziwa mwini wake.

Palibe anamupempha Folomina. Onse ankadziwa chimene chinamuthawitsa m'chipinda cha udzudzu. Mng'ono wake Lonjezo anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali kumsana kwa Folomina, chipatala chikuoneka potero. Chichokereni tsiku limenelo, kulira kwa udzudzu kunkamuimitsa tsitsi. Ankadziwa bwino kuti wa a Zakeyu ulibe matenda, koma mantha samva sukulu. Kuonjeza apo, Loweruka la sabata yotsatira linali tsiku la chinkhoswe chake, ndipo diresi la manja aafupi linali litasokedwa kale. Iye anaima patali, natembenuka n'kumapita kwawo. A Zakeyu sanamuone kulakwa. Anatsitsa malaya, nati mumtima mawa ndisaina.

M'mawa mwake anamupeza ataima pa kawindo, khungu lili mbuu. Anali atasambira sopo wochapira, osadzola kanthu.

"Madala," anatero, "ndiimbireni kanyimbo kanu kaja."

Anafumbata chibakera, natsinzina, nalowetsa mkono mpaka paphewa. A Bonifasi, ali mkatimo, anagwiriziza khola. Udzudzu unatera wonse nthawi imodzi, mkono unachita kuda bii. Misozi inatsika, koma Folomina sanausunthe. A Zakeyu anaimba ndime yoyamba, yachiwiri mawu anawathera, ndipo anthu amene anali kumbuyo anaitola nyimboyo, ngakhale aja ankati ufe.

Makola anali anayi, masiku odyetsa awiri pa sabata. Khungu la Folomina silinali lozolowera ngati la a Zakeyu. Linkatupa zidzolo zikuluzikulu, ndipo mkono umodzi ukatupa n'kukana kulowa, ankapereka winawo. Diresi lija analivala momwemo pa chinkhoswe. Azakhali a mwamuna anayang'ana mikonoyo, nanong'oneza mokweza monga amachitira azakhali, "Kodi mtsikanayu ali ndi mphere?"

"Ayi azakhali," anayankha mwini chibwenzi. "Ali pa sitalaka."

Abwana atamva za kawindo, anathamangira kuseri kuti akathetse. Anapeza khwimbi la anthu a kumsika, ana a sukulu ya unamwino ndi okwera njinga, onse akuonerera mtsikana wowonda atapanikiza tsaya pa khoma, a Zakeyu akumuimbira. Anazindikira kuti akalamula kuti tebulo lichoke, wopha udzudzu akhala iwo, pamaso pa anthu onsewo. Anabwerera ku ofesi. Nkhani inakwera phiri mpaka kulikulu la yunivesite, ndipo kumeneko kunali anthu ena amene manyazi anali asanawathere. Pa tsiku la makumi atatu ndi anayi anaitana atsogoleri a bungwe kuti akambirane.

Sanapeze zonse zimene ankafuna, pakuti sitalaka sibereka mapasa. Koma makontirakiti a miyezi itatu anatha, aliyense anapatsidwa wa zaka ziwiri, chithandizo cha kuchipatala chinavomerezedwa, ndipo anagwirizana kuti dzina la munthu wogwira ntchito lizilembedwa pa pepala. A Zakeyu analembedwa ntchito yokhazikika, zaka zawo zonse zinazindikiridwa, ukalamba wawo unapeza pogona. Udzudzu unaikira mazira, mabeseni anadzazanso mphutsi. Tsiku lotsegula chitseko a Zakeyu analowa okha, natsekamo, ndipo anakhalamo nthawi yaitali.

Patapita sabata abwana anawaitana ku ofesi. Anati yunivesite yavomera malo amodzi okha a ntchito yokhazikika, a munthu wodzalowa m'malo mwa a Zakeyu, woti ayambe kuphunzira tsopano. Anatulutsa kiyi mmodzi wa kachipinda ka udzudzu n'kumuika pa tebulo.

"Inu ndi amene mumawadziwa anthu anu, achikulire," anatero akumwetulira. "Sankhani nokha. Lolemba mundipatse dzina."

A Zakeyu anatuluka kiyi ali m'manja, mtima ukulemera. Ntchito yokhazikika si masewera. Ndi nyumba, ndi sukulu ya ana, ndi tulo. Anaitana atatu aja, nawauza zonse osabisa.

"Madala, ine sindikupempha, koma chilungamo chinenedwe," anatero Elube. "Ndikanapanda kumasula lumbiro lija, bawo ndi mkono zonse zikanakhala kuphwanya sitalaka, ndipo bwenzi anthu atatithamangitsa ndi miyala."

"Achemwali, mawu anuwo akanaboola khoma?" anafunsa Witinesi akuseka. "Ine ndinataya dzina. Pano ngakhale ogulitsa tomato akundiitana kuti adzandiphunzitse kutakata."

Folomina anapinda malaya n'kuonetsa zipsera.

"Ine sindidziwa kutsutsana," anatero. "Koma udzudzu sudya mawu, sudyanso nkhomo."

Anaseka onse anayi, pakuti ankakondana, koma kuseka sikunachepetse vuto. A Zakeyu anayamba kulitembenuza mumtima. Akapatsa Elube, aja ankamutcha Yudasi adzati taonani, paja ankamenyera mimba yake, ndipo bungwe lidzataya mlembi wake. Akapatsa Witinesi, munthu wa pamsewu wosatha kukhala pansi theka la ola, kodi adzapirira kugoneka mkono zaka makumi awiri? Akapatsa Folomina, kodi ndi mphoto kapena chilango kumutsekera moyo wake wonse m'chipinda chimene amachiopa? Nanga akamumana, zipsera zija adzaziyang'ana ndi maso ati?

Pofika Loweruka nkhani inali itawanda. Oyeza magazi anaima ndi Elube, madalaivala ndi Witinesi, amayi onse ndi Folomina, ndipo anthu amene anapirira dzuwa limodzi masiku makumi atatu ndi anayi anayamba kukhala m'timagulu. A Zakeyu anaona ndi chisoni kuti chimene buku ndi makalata a abwana zinalephera, kiyi mmodzi watsala pang'ono kuchichita. Kubweza kiyiyo sakanatha, chifukwa malowo akanapatsidwa mlendo wosadziwa n'komwe kuti udzudzu umadana ndi perefyumu.

Ine nthano yanga ndaitula pamenepa. Lolemba layandikira, a Zakeyu ali chikhalire kiyi ali m'manja, ndipo atatu onsewo amawakonda mofanana. Mlanduwu sindiugamula ine ayi, ndaubweretsa kwa inu. Tawathandizani madalawa: kiyiyo apereke kwa yani, kwa Elube amene anamasula lumbiro nataya abwenzi, kwa Witinesi amene anasunthitsa tebulo nataya dzina, kapena kwa Folomina amene anapereka mkono wake kwa chinthu chimene chinamulanda mng'ono wake?